Makasu Angati?

Chiliza cha atsibweni anga a Zakariya tachimanga chaka chino, patapita zaka zimene ndikuchita manyazi kuziwerenga. Simenti anagula ndi mwana wanga woyamba, Rozinya, amene naye tsopano ali ndi imvi. Womanga atafunsa zoti alembepo, ana anasankha vesi. Ine ndinati vesiyo ilembedwe, koma pansi pake ajambulepo khasu. Anajambula lopindika ngati chipande, loti eni ake akanaliona akanagumula chiliza chonse, komabe ndi khasu. Ndithokoza Ambuye kuti andisunga mpaka kuliona.

Tsiku lomwelo, mapemphero atatha, mdzukulu wanga wamkazi amene amaphunzira ku Tete anandionetsa pa foni chitsulo chachitali chikukwera kumwamba, moto uli kumunsi kwake. Anati azungu akufuna kubwereranso kumwezi, ndipo ndalama zake n'zoti munthu sangaziwerenge n'kumaliza. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, “Makasu angati?” Achikulire amene anali pamphasa anaseka mpaka kupukuta misozi. Rozinya sanaseke. Anagwira pamutu pake, pamene mkazi amaika nkhata, n'kudzuka kupita kuseri. Ndiye ndati ndilembe, ndi kalasi yachinayi yangayi, kuti adzukulu adziwe chimene mayi awo sanasekere.

Kwathu kuno, cha kufupi ndi Malowera, amene anabadwa nkhondo itatha sadziwa kuti funso limeneli linali dzina la munthu. Atsibweni anali osula zitsulo. Chipala chawo chinali kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mtengo wa muwanga: kachisakasa ka udzu, mwala waukulu wosulirapo, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, nyundo ziwiri ndi mbaniro. Akazi awo anamwalira ine ndili kamtsikana ndipo sanakwatirenso. Ankadya kwa mlongo wawo, mayi anga, ndipo mayi atatisiya anasamukira pa mbale yanga. Wantchito analibe. Lamulo lawo linali lakuti wofuna khasu avukute yekha moto, kaya ndi mwamuna, kaya mkazi, kaya katekista. Ndipo povukutapo unkamva zonse zimene zinali kukhosi kwawo, chifukwa sukanachoka khasu lako lili pamoto.

Chachitsulo chilichonse ankachiyeza ndi makasu. Njinga ankati ndi makasu awiri, oipa. Belu la kutchalitchi anayi, ndipo anauza padiri maso ndi maso kuti Mulungu amamva ngakhale ng'oma yachikopa. Mfuti ankati ndi khasu limene linasochera lili mwana. Kamyau wa asilikali a Chipwitikizi, galimoto lalikulu lonyamula katundu, akadutsa, ife tonse tinkaweramitsa mitu, iwo ankamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira, milomo ikugwedera. Munthu akanati akupemphera, koma ayi, ankawerenga makasu. N'chifukwa chake mudzi wonse unkawatchula a Makasangati, ndipo iwo ankavomera.

Ambiri amene akuwakumbukira lero amakumbukira gonthi, mdala wolankhula mokuwa, amene unkayenera kumugwira paphewa kuti atembenuke. Ine ndinawadziwa ali ndi makutu, ndipo makutu amenewo ndiwo anali chuma chawo chenicheni, osati nyundo. Ukawabweretsera chitsulo, ankachimangirira pa luzi, n'kuchigogoda ndi chikhadabo, n'kutsinzina. Kenaka ankakuuza khalidwe lake ngati akunena za mkamwini: ichi n'chaulesi, ichi n'chamwano chidzathyoka pa chitsa choyamba, ichi chidzalima mpaka mwana wako adzakwatiwe. Sindikumbuka tsiku limene analakwa.

Nkhani ya kumwezi inawapeza nthawi ya Chipwitikizi, nkhondo ya ufulu itangoyamba kumveka m'mapiri mwathu. Mwini kantina, kasitolo ka m'mudzi mwathu, anali ndi wailesi, ndipo ndiye anauza anthu kuti azungu a ku Amereka aponda pamwezi. Ena anati ndi bodza. Azimayi ena anada nkhawa kuti mwezi waponderezedwa ndi amuna achilendo, mvula idzasokonekera. Atsibweni sanatsutse, sanaopenso. Anangofunsa kuti anapita pa chiyani. Atauzidwa kuti pa chitsulo chachitali kuposa tchalitchi cha ku Tete, anafunsa kuti chitsulocho atabwerako anachisunga kuti. Mwini kantina anaseka, nati chimatayidwa, ulendo umodzi basi, wina akafuna kupita amasula china. Tsiku limenelo atsibweni sanadye. Mayi ankayesa akudwala. Anakhala pamwala wawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chimene ananena ndinachisunga ngakhale ndinali ndisanachimvetse: anati munthu wozolowera kutaya chitsulo kumwamba sadzavutika mtima kuchitayira pamitu ya anzake.

Ufulu utabwera tinavina, ine ndili kale ndi ana awiri. Koma eni makantina anapita, ndipo loja, sitolo ya boma, inali ndi mashelefu okhaokha. Mchere unasowa, sopo anasowa, koma chimene chinatiopsa kwenikweni ndi makasu. Khasu limatha. Athu anaphwa mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Mabanja atatu ankalandirana khasu limodzi, wina m'mawa, wina masana, wina madzulo, ndipo azimayi ena anabwerera ku ndodo zosongola. Atsibweni ankayenda masiku awiri kupita kumsewu wa ku Fingowe kukadula zitsulo pa makamyau amene anapsa m'nkhondo, koma ngakhale zimenezo zinatha, chifukwa osula a m'midzi ina nawonso anali ndi miyendo.

Nthawi imeneyo ndi pamene kunabwera apulofesolo a Lazaro, mnyamata wa ku Tete, woonda, wa malaya amodzi oyera amene ankachapa tsiku lililonse. Anali munthu wabwino, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke ndisanapitirire. Shikola yathu inali ya mitengo ndi dothi, yomangidwa ndi makolo, ndipo iye ankaphunzitsa makalasi onse yekha. Anali ndi kawailesi ndi buku limodzi la zithunzi za nyenyezi. Tsiku loyamba kubwera kuchipala kudzasulitsa mpeni, atsibweni anamukhazika pa mvukuto ngati wina aliyense, ndipo mkangano umene unayamba tsiku limenelo unatha zaka zitatu.

Ndinkaumva ndikusinja, chifukwa mtondo wanga unali pafupi.

“Mesitiri,” apulofesolo ankawatchula choncho, kutanthauza mmisiri, “inu mumaona pafupi ngati nkhuku. Zitsulo zili kumwambazo zimaona mitambo isanafike. Tsiku lina zidzatiuza kuti mvula igwa liti.”

“Bondo langali limandiuza kale, ndipo silinadye khasu ngakhale limodzi. Vukuta, mphunzitsi, moto ukugona.”

“Nanga makolo anu aja? Amene anayamba kuwotcha miyala m'ng'anjo masiku atatu, anzawo akukumba ndi ndodo, ana akulira njala? Simukuganiza kuti akazi awo ankati akuwononga makala?”

Pamenepo nyundo inaima. Ndinasiya musi kuti ndimve, chifukwa sindinaonepo munthu akuwatseka pakamwa. Anakanda ndevu nthawi yaitali.

“Wanena zoona,” anatero. “Ankatukwanidwa ndithu. Koma potuluka m'ng'anjomo anatuluka ndi khasu. Anzakowa anabwera ndi chiyani kumwezi?”

“Miyala, yoti aifufuze.”

“Miyala! Naphiri, wamva?” Anandiitana ndi mfunda wanga. “Miyala! Akanandiuza ine ndikanawapatsa ya m'munda mwako, n'kuwathokozanso.”

Ankakangana choncho, koma madzulo apulofesolo ankadya nafe, ndipo atsibweni ankawasankhira chiwalo chachikulu cha nkhuku. Ine mpaka lero sindinganene kuti wolondola anali ndani. Adzukulu amandiuza kuti foni imalankhula ndi zitsulo za kumwambazo, ndipo chaka chatha inatiuzadi za mvula yamkuntho masiku awiri isanafike, tinapulumutsa chimanga. Koma mjigo wa pamudzi pano unathyoka kalekale, ndipo tikumwa pachitsime chimodzi ndi ng'ombe. Zonse ziwirizi ndaziona ndi maso anga.

Chaka chachinayi cha ufulu, nyengo yozizira, wailesi ya apulofesolo inayamba kunena nkhani yoopsa. Akuti nyumba yachitsulo imene a ku Amereka anaipachika kumwamba yatopa, ikugwa, ndipo eni ake omwe sakudziwa kuti igwera pa ndani. Masiku amenewo tinali kale ndi mantha ena. Ndege za ku Rodeshya zinkadutsa m'munsi kufunafuna ankhondo a kwawo amene ankabisala m'dziko lathu, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo tinamva kugunda kuseri kwa mapiri ngati mvula ya mwezi wosayenera. Tsopano tinauzidwa kuti ngakhale kumwamba kopanda ndege kungagwe chinthu. Azimayi tinkapita kumadzi tikuyang'ana m'mwamba, mitsuko ikutayika. Atsibweni okha ndiwo ankayenda monyadira.

“Chikubwera chokha,” ankatero. “Ambuye amva kulira kwa makasu. Chigwere m'munda mwanga, ndidzachilandira ndi nkhuku yoyera.”

Ndiyeno mapilya, mabatire a wailesi, anatha. Anatha sabata yomweyo imene chinthucho chinkayenera kugwa. Apulofesolo anawayanika padzuwa, anawaluma ndi mano, koma wailesi inangoti zii. Palibe m'mudzi monse amene anadziwa ngati chagwa, kapena kumene chagwera.

Patapita masiku ochepa, anthu anatentha udzu kudambo la kumunsi kwa mudzi, kumene tinkalima madimba. Moto utazima, mayi wina wofuna mbewa anapeza chinthu m'matope ouma m'mphepete, pamene moto sunafike. Chinali chozungulira ngati dzungu laling'ono, chachitsulo, cholemera, chokhala ndi utoto wofiira wosuluka. Mabomba tinkawadziwa, tinakulira m'nkhondo. Anali aatali, osongoka, okhala ndi mchira ngati nsomba. Lozungulira ngati mpira palibe anali ataliona. Mayiyo anachitengera kwa munthu wophunzira. Apulofesolo anatsegula buku lawo, ndipo momwemo munali chithunzi cha chitsulo choyamba chimene anthu anatumiza kumwamba: chozungulira ndendende, chongosiyana kuti chinali ndi ndevu zinayi. Anati ndevuzo zinapsa pogwa. Tonse tinakhulupirira. Ngakhale ine ndinachigwira, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda, poganiza kuti chayandikirapo kumene kuli angelo.

Atsibweni anali atapita kukawotcha makala. Atabwera n'kumva, anatumiza uthenga kuti chitsulocho ndi chawo, anachipempha kwa Mulungu pamaso pa mboni. Apulofesolo anabweza kuti ndi cha dziko, chikhala pashikola kuti ana aphunzirepo, kenaka chipita kwa akuluakulu ku Fingowe. Mudzi unagawanika. Ofuna khasu anali ndi atsibweni, onyadira kuti dzina la mudzi wathu limveka pa wailesi anali ndi apulofesolo. Atsibweni anakwiya, nalumbira kuti saponda pashikola. Masiku atatu chinthucho chinakhala pa tebulo la mphunzitsi. Ana ankapatsirana m'manja kuti aliyense amve kulemera kwa kumwamba. Rozinya, wa zaka zisanu ndi zitatu, anabwera kunyumba akudzitama kuti anachisenza pamutu popanda kugwira, kuzungulira shikola yonse, anzake akuwomba m'manja. Ine ndinamuyamikira. Ambuye andikhululukire, ndinati wakula.

Tsiku lachinayi linali la azimayi kuzira makoma a shikola, ndipo ine ndinali pakhomo penipeni ndi dothi m'manja. Dzuwa lili pamutu ndinaona atsibweni akubwera, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Dyera la chitsulo linali litagonjetsa lumbiro.

“Odi, mphunzitsi. Sindinabwere kudzalanda. Ndabwera kudzapereka moni kwa mlendo.”

Ana anaseka. Apulofesolo nawo anamwetulira, nati, “Lowani, Mesitiri, mugwire sayansi ndi manja anu. Mutiuze, makasu angati?”

Anachinyamula ndi manja awiri, kuchiyeza kulemera. Anachitembenuza. Anachigogoda ndi chikhadabo kamodzi, n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina monga mwa masiku onse. Ana anali chete kudikira nthabwala. Koma maso aja sanatsegulidwe msanga. Kenaka anachinunkhiza pamalo pamene panali kachitsekerero kakang'ono. Kunali kozizira tsiku limenelo, mphepo ikulowa m'mipata ya khoma, koma ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo mpaka m'kolala ya jekete.

“Mphunzitsi,” anatero ndi mawu otsika amene sindinawamvepo, “tulutsa ana apite kumtsinje.”

“Kuti mutsale nacho nokha? Ayi, Mesitiri, chenjerero limenelo ndi lakale.”

“Chitsulo ichi chili ndi pakati. Sichikulira ngati chopanda kanthu, sichikuliranso ngati chodzaza chitsulo. Muli zina m'katimu.”

“Zoonadi muli zina! Makina a sayansi! Bwezani pa tebulo.”

Apulofesolo anatambasula manja kuti achilande. Atsibweni sanabwerere m'mbuyo mwachangu, anangotembenuka pang'onopang'ono ngati mayi wonyamula khanda lobadwa kumene, n'kundiyang'ana ine.

“Naphiri, thira dothi lonyowalo m'lichero. Lambiri. Bweretsa kuno, usathamange.”

Ndinachita zimenezo osafunsa. Anachikhazika m'dothimo, n'kunyamula lichero patsogolo pawo, n'kuyamba kutuluka, phazi limodzi, kenaka linzake. Apulofesolo anakuwa kuti ndi kuba, kuti akawanenera kwa sekeretaliyo wa mudzi. Ana atamva mawu akuti kuba anadzuka onse, okwana ngati makumi anayi, okondwa kuti kwagwa sewero, kufuna kuwatsatira akuimba kuti wakuba, wakuba. Atsibweni podutsa pafupi nane sanatembenuze mutu. Anangoti, “Asatuluke ngakhale mmodzi.”

Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja anga a matope. Woyamba kufuna kudutsa kunsi kwa mkono wanga anali Rozinya. Ndinamumenya mbama imene inamugwetsera pansi, dothi la chikhatho changa n'kutsala patsaya lake. Sindinamumenyepo chiyambire, sindinamumenyenso kuchokera tsiku limenelo. Ana onse anakhala pansi. Azimayi anzanga anabwera kudzaima nane, ndipo poti sitinkadziwa chochita, tinayamba kupemphera korona.

Zotsatirazi anandiuza ndi apulofesolo eni ake, amene anawatsatira akukalipa mpaka kumapeto kwa mudzi. Akuti pamenepo atsibweni anaima, osatembenuka, nati: “Unatiphunzitsa wekha kuti chinthu chochokera kumwamba chimadutsa m'moto waukulu kuposa wa m'ng'anjo. Ngati n'cha kumwamba, moto wanga suchiopsa, ndidzakubwezera madzulo chili chotsukidwa. Ngati n'cha pansi pano, udzamva. Tsala apa.”

Anapita nacho kuchigwembe chakuya chimene madzi anakumba kuseri kwa chulu chachikulu. Anachiika pansi, anaunjikapo udzu ndi nkhuni, anayatsa, nakabisala kuseri kwa chulu. Wosula amadziwa nthawi imene chitsulo chimatenga kuti chifiire. Anadikira nthawi imeneyo, palibe. Anadikiranso ina yotero, palibe. Utsi unayamba kuchepa. Ndikuganiza kuti pamenepo anayamba kudzikayikira, kuti mwina khutu lawanamiza koyamba, achititsa manyazi mphunzitsi pachabe, ndipo m'chigwembemo muli khasu labwino limene likungopsa. Anadzuka kukasuzumira.

Ife tinali pa chigawo chachitatu cha korona pamene chinaphulika. Dothi limene tinali titangozira linagwa pakhoma lonse nthawi imodzi. Mbalame zinadzuka m'mitengo yonse ya mudzi. Kenaka kunali chete, ndipo m'chetemo ndinamva Rozinya akufunsa ndi mawu aang'ono, “Mayi, ndi chija ndinasenza chija?”

Apulofesolo ndiwo anabereka atsibweni kumsana kubwera nawo, malaya oyera aja atafiira. Milomo ya chigwembe inawatchinga, moti zidutswa zambiri zinapita m'mwamba. Anang'ambika paphewa ndi pachipumi basi. Koma m'makutu monse muwiri munkatuluka magazi. Mabala anapola mwezi usanathe. Makutu sanabwerere.

Pambuyo pake tinamva kuti nyumba ya kumwamba ija inagwera kutali, kutsidya kwa nyanja, ndipo sinaphe munthu. Chathuchi chinali cha ndege za ku Rodeshya. Msilikali wina wodutsa anatiuza kuti ndegezo zinkakhuthula mipira yotere yambirimbiri nthawi imodzi, ndipo ina sinkaphulika.

Atangotha kuyenda, atsibweni anapita kuchigwembe kuja kukatola zidutswa. Anabwera ndi zodzaza dzanja limodzi. Anaziyesa pamoto, zinkangoyoyoka. Ndinawagwira paphewa n'kuwaonetsa khasu ndi zala zanga, kufunsa funso lawo lomwe. Anayankha mokuwa, monga ankalankhulira kuyambira pamenepo, “Ngakhale singano!” Ndipo anawonjezera kuti otumiza zitsulo kumwamba ndi ozigwetsa pansi amatapa m'nkhokwe imodzi, ndipo nkhokwe imeneyo siuma, youma ndi ya makasu yokha. Analetsanso aliyense kulima kudambo kuja. Ankati nkhanga siikira dzira limodzi.

Anapitiriza kusula, koma tsopano chitsulo ankachisankha ndi maso, ndipo maso amanamizidwa. Makasu awo ena anayamba kuthyoka. Anthu sankawauza, ankangobisa zidutswa. Apulofesolo ankabwerabe madzulo aliwonse kudzavukuta ngakhale analibe chosulitsa. Kukangana kunali kosatheka, poti atsibweni sankadziwa kuwerenga zolemba. Nthawi zina mphunzitsi ankaloza kumwamba ndi chala, mdala n'kuloza pansi ndi mbaniro, onse n'kuseka. Nkhondo yachiwiri itayandikira, ija ya abale okhaokha, aphunzitsi ndiwo ankasakidwa poyamba, ndipo atsibweni eni ake anamuthamangitsa kuti abwerere ku Tete. Sitinamvenso za iye. Ndimamutchula m'mapemphero pamodzi ndi abale anga.

M'nkhondo yachiwiriyo mudzi unagwirizana chizindikiro. Pa mtengo wa pashikola panapachikidwa mkombero wa gudumu la kamyau, ndipo woona anyamata a m'tchire, a mfuti aja, akubwera ankayenera kuumenya mofulumira, aliyense n'kuthawira kumapiri a kumalire a Zambia. Anaupachika ndi atsibweni, ndipo anafunsa ine ngati ukulira bwino. Tinapangana kuti ukalira, ine ndidzathamanga kukawagwira paphewa. Kawiri ndinatero.

Kachitatu kanali m'mawa wa nyengo yokolola. Ndinali kumunda kutsidya kwa mudzi ndi ana anayi, wamng'ono ali kumsana. Mkombero unalira pang'ono n'kudukiza. Nditakwera pachulu ndinaona anthu a mfuti ali kale pabwalo, pakati pa ine ndi nyumba yanga. Utsi wa chipala unkakwera mowongoka kuseri kwake. Ndinayang'ana utsiwo, ndinayang'ana ana. Rozinya, amene tsopano anali namwali, anati, “Mayi, ndipite ndine.” Ndinamugwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zanga zinamusiyira zipsera, ndipo tinathawa.

Tikuthamanga m'mapesi, kumbuyo kwathu kunkamveka nyundo. Ngwe, ngwe, ngwe, mosafulumira, monga tsiku lina lililonse. Mudzi wonse unali utathawa, mfuti zinkalira, mbuzi zinkalira, iwo ankasula. Ndinapemphera kuti Ambuye awagwire dzanja asiye, asadziulule kumene ali. Titafika pamtsinje ndinazindikira tanthauzo la kusiya kwake, ndipo ndinayamba kupemphera kuti asasiye. Tinawoloka ikumvekabe. Tinakwera chitunda ikumvekabe, yaing'ono ngati kugunda kwa mtima. Tili pakati pa chitundacho inasiya.

Bambo wina amene anabwerera mozemba patapita masiku awiri anatipeza ku Zambia n'kutiuza kuti anapeza atsibweni atatisiya, pambali pa mwala wawo, khasu losamaliza lili pamakala ozima. Nyundo zonse ziwiri zinatengedwa. Kumanda kunali kosafikika, ndiye anawaika pomwepo, pansi pa muwanga, pogwiritsa ntchito khasu lomwelo lopanda mpini.

Anthu amandiuza kuti sindikanachitira mwina, ndipo padiri anandiuzanso chimodzimodzi. Ndikudziwa. Ndikudziwanso kuti makutu amene akanamva mkombero uja anawasiya m'chigwembe chifukwa cha ana makumi anayi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene wagula simenti. Ana a m'kalasi imeneyo ambiri ali moyo, ena ndi agogo. Ndikawaona pa misa ndimawawerenga mwakachetechete, ndipo ndimathokoza.

Muwanga uja unauma tili ku Zambia, watsala thunthu lokha. Chisakasa palibe, ndipo pamene panali mvukuto pamera chisoso. Dothi la pamenepo likadali lakuda, ukakumba ndi chala umapeza makala. Mwala wosulirapo uli pomwe unali, poti amuna anayi sangaunyamule. Pakati pake pali kadzenje kosalala kamene nyundo inakumba zaka zonse zija, ndipo mvula ikagwa mumaima madzi, nkhuku zanga zimamwa. Chiliza chili mapazi asanu kuchokera pamenepo. Makasu masiku ano timagula kumsika, opepuka, olira ngati chitini, ndipo palibe amene amawagogoda asanagule.

Ukaima pamwalapo umaona dambo lonse kumunsi. Ndi nthaka yabwino kuposa ina iliyonse m'mudzi muno, yakuda, yonyowa mpaka mwezi wa khumi, ndipo yakhala yosalimidwa kuyambira chaka chija. Achinyamata akudandaula kuti minda yachepa, kuti mawu a gonthi wakufa sangatsekere anthu chakudya mpaka kalekale, ndipo mabanja awiri ayamba kale kusosa m'mphepete. Sabata yatha udzu wa kumeneko unapsa. Abusa a ng'ombe akuti cha pakati, pamene matope ang'ambika, pakuoneka kamsana ka chinthu chozungulira. Taikapo minga kuzungulira, tatumiza uthenga ku boma, tikudikira. Ana ndawaletsa, koma ana ndi ana, ndipo m'mudzi muno simunatsale munthu woti achiike kukhutu.